Musakweze kutentha kwa makina oswetsera mazira pofuna kuti muswetse misoti yambiri

Mayi, mwafotokoza kuti anapiye anu a Mikolongwe aswa pa tsiku la 19 ndi la 20, ambiri ali ndi zala zopindika komanso michombo yosatsekeka bwino, ndipo izi zachitika mutakweza kutentha kwa makina chifukwa munauzidwa kuti mukatero mupeza misoti yambiri kuposa atambala. Langizo langa ndi lakuti mubwezeretse kutentha pa madigiri 37.5, ndipo musakusinthenso.

Amene anakuuzaniwo anasakaniza nkhani ya nkhuku ndi ya ng'ona. Ng'ona za mu mtsinje wa Shire zimakwirira mazira mumchenga kwa miyezi pafupifupi itatu, ndipo kutentha kwa mchengawo ndiko kumachititsa kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi: pa madigiri 32 mpaka 33 ana ambiri amakhala aamuna, pamene pansi pa 31 amakhala aakazi. Akamba a m'nyanja zamchere nawo amatsata kutentha, kungoti kwa iwo mchenga wotentha kupitirira madigiri 29 ndi umene umachulukitsa aakazi. Nkhuku siitero. Dzira likamaikiridwa, zoti lidzatulutsa msoti kapena tambala zimakhala zitatsimikizika kale m'thupi la thadzi, kotero kutentha kowonjezera kumangothamangitsa kakulidwe ka mwanapiye, n'kumutulutsa masiku 21 asanakwane, asanamalize kulowetsa m'mimba chakudya chachikasu cha m'dzira chija. N'chifukwa chake michombo ili yotero, ndipo anapiye otere nthawi zambiri amafooka m'sabata yoyamba.

Musamangodalira nambala imene makina akuonetsa, chifukwa makina otsika mtengo amanama kawirikawiri. Gulani choyezera kutentha chapadera, muchiike molingana ndi pamwamba pa mazira. M'mwezi wa Okutobala, makamaka ngati muli kuchigwa monga ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ikani makinawo m'chipinda chozizirirapo, kutali ndi windo, pakuti makina ang'onoang'ono amatha kutenthetsa mazira koma satha kuwaziziritsa.

Chinyontho nacho musachinyozere. Chikhale pa 50 mpaka 55 peresenti masiku 18 oyambirira, kenako muwonjezere madzi m'mbale kuti chifike pa 65 mpaka 70, apo ayi kakhungu ka m'kati mwa chigoba kamauma n'kumamatira mwanapiye akamagogomola. Muzitembenuza mazira katatu kapena kasanu pa tsiku, koma muleke pa tsiku la 18, ndipo kuyambira pamenepo musamatsegule makina mwachisawawa, ngakhale mtima ukufuna kusuzumira mukamva kulira.

Pa tsiku la 7 unikani mazirawo ndi tochi mumdima, muchotse amene sakuonetsa timitsempha ta magazi asanasukuse n'kuphulikira anzawo. Ngati cholinga chanu ndi nkhuku zoikira, atambalawo muwalere miyezi ingapo n'kuwagulitsa, ndalamayo mugulire chakudya cha misoti.