Mfuti ya mipope iwiri ya ntchito ya ku Luangwa: ine ndikuti tengani .470

Achimwene a ku Tsangano, funso lanu ndaliwerenga. Mwati mukuphunzira ntchito ya ulenje wa chilolezo kuchigwa cha Luangwa, muli pansi pa PH (professional hunter, mlenje wa chiphaso woperekeza alendo posaka), ndipo mwasonkhanitsa ndalama yoti mugule mfuti ya mipope iwiri yogwirapo kale ntchito. Chakusautsani ndi kukula kwa chipolopolo: .375, .450/400, .470 kapena .500. Ena m'gulu muno akuuzani kale kuti mungotenga chachikulu kwambiri. Ine sindikuvomereza. Ndinagwirapo ntchito imeneyi m'misasa ya kuchigwa komweko ndisanabwerere kuno ku Bembeke kudzalima kachewere, ndipo yankho langa ndi .470 Nitro Express.

Yambani mwaganizira kaye ntchito imene mfutiyo ikagwire. Mlendo wolipira amawombera njati itaima phee, mfuti atayedzamiritsa pa ndodo, nthawi ali nayo yokwanira. Inuyo mfuti yanu idzalira zinthu zitalakwika kale. Njati yalasidwa m'mimba, yalowa m'tsekera, mwalondola magazi dzuwa lili paliwombo, kenako ikudzuka pa mamita 10 mutu uli m'mwamba. Kapena njovu yaikazi ya kamwana yakununkhizani m'nkhalango yothithikana. Pamenepo simufunika chipolopolo chouluka kutali, mufunika cholemera, choboola fupa n'kupitirira molunjika. Mfuti ya mipope iwiri inapangidwira nthawi ngati imeneyi. Ndi yaifupi, imakwera paphewa msanga, ndipo mpope uliwonse uli ndi chowombera chakechake, mwakuti wina ukakana, chala chimangotsetserekera kumbuyo n'kuliza winawo.

Chipolopolo cha .470 chimalemera 500 grain, omwe ndi magalamu pafupifupi 32, ndipo chimatuluka pa liwiro la mafiti 2,150 pa sekondi, kapena kuti mamita 655. Muyezo umenewu si wamwayi. Mu 1898 kampani ya Rigby inatulutsa .450 Nitro Express, cholemera 480 grain pa liwiro lomweli, ndipo alenje a njovu anaona kuti n'chokwana. Kenako boma la Britain linaletsa zipolopolo za .450 ku India ndi ku Sudan, poopa kuti zingagwere m'manja mwa anthu oukira amene anali ndi mfuti zakale za asilikali za mpope wotero. Opanga mfuti anathamanga kupanga zolowa m'malo, aliyense chakechake: .465, .475, .476. Cha Joseph Lang wa ku London ndicho .470, ndipo iye sanachiumire, analola makampani ena kupanga mfuti zake. N'chifukwa chake chinafala kuposa zinzake. Kampani ya Kynoch ya ku Britain itasiya kupanga zipolopolo za mtunduwu, mfuti zambiri zabwino zinangokhala m'makabati zaka ndi zaka, mpaka Federal ya ku America inayamba kupanga .470 mu 1989. Lero Federal, Hornady ndi Norma onse amapanga.

Mbiriyi ndaitchula chifukwa ikukhudza thumba lanu. Kumsasa kulibe sitolo. Zipolopolo mudzazipeza movutikira, ndi mapepala, pa mtengo wowawa, ndipo kawirikawiri zimabwera ndi alendo, amenenso pandege amaloledwa makilogalamu 5 okha. Mwa alendo obwera ndi mfuti ya mipope iwiri, ambiri amanyamula .470, ndipo pobwerera kwawo zotsala amakonda kusiyira PH kapena wophunzira amene wawasamala bwino. Mukagula .475 kapena .476 chifukwa mwaipeza yotchipa, mudzakhala mukuwerenga zipolopolo zanu ngati mankhwala, ndipo simudzayeserera. Mlenje wosayeserera ndi woopsa kwa anthu olondola mapazi amene amayenda patsogolo pake opanda chida.

Pa .500 sindinena zoipa. Ndi chipolopolo cha 570 grain pa liwiro lomwe lija, ndipo ma PH ambiri a njovu amachikhulupirira. Koma chimamenya phewa kwambiri, ndipo mfuti yake imafunika kulemera kuti muipirire. Ya .470 yokha imalemera makilogalamu 4.5 mpaka 5, ndipo mudzayenda nayo kuyambira mbandakucha m'kutentha kwa Okutobala. Pofika masana mikono imakhala itafooka. Za .577 ndi .600 zisiyeni, kale alenje ankakhala ndi munthu wowanyamulira, inu mudzanyamula nokha.

Pali njira yodziwira ngati thupi lanu likugwirizana ndi mfuti, ndipo muiyese musanapereke ndalama. Mnzanu akuikireni zipolopolo inu mutayang'ana kumbali, nthawi zina aike chenicheni, nthawi zina aike chabodza chija chotetezera singano ya mfuti. Kenako lozani, kokani. Ikakana kulira, aliyense adzaona zimene mikono yanu imachita. Ndaona amuna amphamvu, zifuwa zotambalala, akugwetsa mpope pansi, maso ali tsinzi, mfuti isanalire n'komwe. Munthu wotero pa njati yothamanga amawombera fumbi patsogolo pa miyendo yake. Zikakuchitikirani ndi .470 ndipo mwayesayesa osasintha, tsikirani pa .450/400 ya mainchi 3 popanda manyazi. Imeneyi ndi ya W.J. Jeffery, ya 1902, chipolopolo cha 400 grain, magalamu 26, chachitali, choboola bwino, ndipo sichizunza phewa. Jim Corbett ankagwiritsa ntchito .450/400 posaka akambuku odya anthu ku India. Kwa mlendo wosaka njati ndi imene ndingamusankhire poyamba. Kwa inu amene mudzaima pakati pa mlendo ndi njovu, ndikuiika pachiwiri.

Ya .375 ndi yabwino pa mfuti ya mpope umodzi ya bawuti, ndipo ndikhulupirira kuti mwayamba kale kuphunzirira pa yotero. Pa mipope iwiri pali vuto la chigoba, mbali ya chipolopolo yosunga onga imene imatsala m'mfuti mukawombera. A kampani ya Holland & Holland mu 1912 anatulutsa mitundu iwiri: .375 ya lamba (kamzere kotukuka pafupi ndi kumbuyo kwa chigoba), yopangira mfuti za bawuti, ndi .375 Flanged, ya mkombero, yopangira za mipope iwiri. Mfuti yothyola pakati imatulutsa chigoba pochikola mkombero wa kumbuyo kwake. Mkombero ukakhala wotambalala, chitsulo chotulutsira chimagwira malo aakulu ndipo chigoba chimatuluka ngakhale muli fumbi. Chigoba chopanda mkombero chimadalira kadzino kakang'ono ka sipuling'i kolowa m'kamzere, ndipo kadzino kameneka ndi kamene kamakhumudwitsa pa tsiku loipa. Choncho .375 ya lamba, .416 Rigby ndi .458 Winchester, zomwe zilibe mkombero wotambalala, ngakhale zimapezeka mosavuta, pa mfuti ya mipope iwiri ine sindizifuna. Palinso nkhani ya kutentha. Zigoba za Nitro Express ndi zazikulu dala, kuti mphamvu ya onga isapanikizike kwambiri. Mfuti ikakhala padzuwa la kuchigwa mpaka chitsulo kuotcha dzanja, mphamvu imeneyi imakwera, ndipo chigoba chopanikizika kale chimatha kukanirira m'mpope. Cha .470 chili ndi malo opumira.

Wina watchula 9.3x74R ya ku Germany. Ndi yopepuka, ya mkombero, yokoma pa nguluwe, mphalapala ndi nyama zina zotere. Koma ku Tanzania lamulo limafuna .375 kupita m'mwamba pa nyama zoopsa, ndipo ku Zimbabwe pa njovu, njati ndi mvuu amafuna mphamvu yosachepera majulo 5,300, imene zipolopolo wamba za 9.3x74R sizifikapo. Mawa ntchito ikhoza kukutengerani kutsidya kwa Zambezi, ndiye musagule mfuti imene idzakanidwe pa pepala.

Tsopano nkhani imene ambiri m'gulu muno sanaikhudze, yomwe kwa ine ndi yaikulu kuposa nambala yolembedwa pa mpope. Mipope iwiri ija siimaloza malo amodzi yokha. Mmisiri amailumikiza ndi mtovu, pakati ataikapo timphanda, amawombera, amasungunula, amasuntha pang'ono, amawomberanso, mpaka wamanja ndi wamanzere ayambe kumenya pamodzi pa mamita 50 kapena kupitirirapo pang'ono. Zili ngati ng'ombe ziwiri pa goli la ngolo: zinaphunzitsidwa kuyenda limodzi pa liwiro limodzi, ndipo mukasintha mayendedwe, ina imakokera kwake. Ntchito yonseyi mmisiri anaichita ndi chipolopolo cha mtundu umodzi, kulemera kumodzi, liwiro limodzi. Mpope wamanja ukalira, mfuti imadumphira m'mwamba ndi kumanja chipolopolo chikadali m'kati, wamanzere chimodzimodzi kumanzere, ndiye mipopeyo anaipendeketsa pang'ono kuti ilipire kudumphako. Mukaika chipolopolo chothamanga kwambiri, chimatuluka mfuti isanadumphe mokwanira, ndipo mabowo amapingasana: la mpope wamanja limapezeka kumanzere. Mukaika chochedwa, mabowo amatalikirana, lina uku lina uko.

Ndiye pokaona mfutiyo, musangoyang'ana maluwa ozokotedwa pa chitsulo. Tengani katoni, jambulani kabwalo pakati, yezani mamita 50. Imani, kapena yedzamirani pa ndodo dzanja lanu lili pansi pa mipope. Musaimange pa tebulo, chifukwa ikalephera kudumpha mwachibadwa chake imanama. Wombani wamanja, nthawi yomweyo wamanzere. Pitani pa katoni, lembani pa bowo lililonse kuti ili ndi la mpope uti. Dikirani mipope izizire, chifukwa wina ukatentha wina ali wozizira zimapotoka pang'ono. Bwerezani. Mabowo onse akakwana pansi pa chikhatho chanu, la manja lili kumanja kapena pamodzi ndi linzake, mfuti imeneyo ndi yabwino ndi zipolopolo zimenezo. Lembani dzina la kampani ndi kulemera kwake, ndipo muzigula zomwezo. Mabowo akatalikirana kuposa chikhatho, yesani za kampani ina. Zikakanikabe, isiyeni, pakuti kulunzanitsanso mipope ndi ntchito ya amisiri ochepa kwambiri, ndipo mudzayenera kuitumiza kunja ndi mapepala ake onse. Ine .450/400 yomenya pamodzi ndingaitenge kusiya .470 yobalalitsa.

Yesani zonse ziwiri, soft ndi solid. Soft imatambasuka ikalowa m'nyama, ndi ya mkango, nyalugwe ndi kuwombera koyamba pa njati. Solid siitambasuka, imaboola chigaza cha njovu ndi mvuu, ndiponso ndi imene mumadalira njati ikamathawa yakupatsani mbuyo. Pa njati ena amaika soft kumanja, solid kumanzere. Pa njovu ndi solid mipope yonse. Zonsezi zimatheka pokhapokha ngati mitundu iwiriyo ikugwera malo amodzi pa katoni paja. Mfuti ikakhala yakale kwambiri, ya mipope yopyapyala, amisiri ambiri amachenjeza za ma solid osemedwa ku mkuwa wokhawokha, amati gwiritsani ntchito a mtovu m'kati ngati a Woodleigh kapena Hornady DGS. Ine ndimawamvera.

Pa mfuti zakale samalaninso ndi izi. Ya .450/400 ilipo ya mainchi 3 ndi ya mainchi 3¼, ndipo zipolopolo zake sizibwerekana; .500 nayonso ili pawiri motero. Choopsa kwambiri ndi mfuti zimene zinapangidwira onga wakuda. Chigoba cha Nitro, cha onga wamakono wamphamvu kwambiri, chimalowa bwinobwino m'mfuti ya .500 ya onga wakuda, koma chitsulo chake sichinayesedwe pa mphamvu imeneyo, ndipo ikhoza kukuphulikirani m'manja. Chotsani thabwa lakutsogolo, yang'anani zidindo pansi pa mipope, mutsimikize kuti inayesedwa pa Nitro ndipo yalembedwa kulemera kwa chipolopolo. Thabwalo mutachotsa choncho, igwedezeni mfutiyo. Mukamva kugwedera pamene mipope imakumana ndi thunthu, yatha mphamvu, ikufunika mmisiri isanalirenso. Ngati ndalama ikukwana, za masiku ano za Heym, Krieghoff, Merkel, Chapuis kapena Verney-Carron zimakuchotserani nkhawa zambiri za mtunduwu, ndipo onsewa amapanga .470.

Ndinenenso chimodzi chifukwa m'gulu muno muli achinyamata ambiri a kuno kwathu. Zonse ndalembazi ndi za ntchito ya chilolezo m'mayiko amene lamulo limalola ulenje wotere. Kuno ku Malawi njovu za m'nkhalango za Thuma ndi Dedza-Salima, ndi mvuu za kunyanja kumunsi kwa Mtakataka, ndi zotetezedwa, ndipo chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, chilango chimafika zaka 30 kundende. Ndikudziwa mmene zimapwetekera kupeza munda wa chimanga utaphwasulidwa usiku umodzi, koma pamenepo oitana ndi a nthambi ya nyama zakutchire. Inunso achimwene, mukamabwera kudzaona makolo ku Tsangano, mfutiyo izitsala yotsekeredwa kumene inalembetsedwa. Chiphaso cha ku Zambia sichigwira ntchito mukangodutsa pa Mchinji.

Pa ndalama mwasungayo, musathere yonse pa mfuti. Patulani ya zipolopolo zoyeserera, ndipo mugule tiwiri tabodza tija kuti madzulo kumsasa muziphunzira kuthyola, kutulutsa, kuika ziwiri zatsopano kuchokera pa lamba osayang'ana pansi. Wogulitsayo mumufunse zinthu ziwiri musanakwere basi: zipolopolo zimene mfutiyo inalunzanitsidwira, ndiponso ngati alola kuti muiwombere pa katoni PH wanu alipo. Akakana chachiwiricho, fufuzani kwina. Mukaiwombera, jambulani katoniyo ndi zidindo za pansi pa mipope, mutumize muno tione limodzi.