Bwanji nkhani za zigawenga za ku Cabo Delgado zimathera mkati mwa nyuzipepala?

Achimwene, mwafunsa ngati alipo amene amaletsa nyuzipepala za kuno ku Joni kulemba za zigawenga za ku Mozambique, popeza tsamba loyamba limangodzaza ndi za Chiefs, Pirates ndi ndale. Ine ndikuona kuti wowaletsa palibe. Akonzi akakhala pansi m'mawa kusankha nkhani, funso lawo limakhala loti wogula pa Park Station kapena pa Bree atulutsa ndalama chifukwa cha mutu uti. Komanso chithunzi chilipo? Mtolankhani wathu angakafikeko?

Tangoonani. Nkhondo ya ku Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwa Mozambique, inayamba mu Okutobala 2017 ku Mocímboa da Praia. Mu Epulo 2020 anthu oposa 50 anaphedwa m'mudzi wa Xitaxi, koma ambiri kuno sitinamve n'komwe. Tinayamba kumva dzina la tauni ya Palma paliponse mu Malichi 2021, zigawenga zitazinga hotelo ya Amarula momwe munabisala azungu ndi anthu a kuno ku South Africa, pafupi ndi ntchito ya gasi ya Total ya ndalama zokwana madola 20 biliyoni. Apo ndiye nkhani inakwera pamwamba. Alimi ndi asodzi anali atafa kale kwa zaka zitatu, koma analibe wowalirira mu ofesi za nyuzipepala.

Mukukumbukira Okutobala 2022, ofesi ya kazembe wa America itachenjeza kuti zigawenga zikhoza kuchita chiwembu ku Sandton? Palibe chimene chinaphulika, koma mawailesi anakamba mpaka makutu kuwawa, chifukwa ndi komwe eni ndalama amakagula zinthu.

Komabe tisawaunjikire mlandu wonse akonziwa. Kutumiza munthu ku Pemba, likulu la Cabo Delgado, n'kodula, ndipo nyuzipepala zambiri zinachepetsa antchito. Boma la Mozambique nalo silinkafuna atolankhani kumeneko: Amade Abubacar anamangidwa mu 2019, ndipo Ibraimo Mbaruco wa wailesi ya ku Palma anasowa mu Epulo 2020. Ndiye mkonzi amangotola ndime ziwiri za mabungwe ogulitsa nkhani a Reuters kapena AFP n'kuzipanikiza pansi pa malonda a mipando.

Chimene chimandiwawa ine n'choti ife Amalawi nkhaniyi ili pakhomo penipeni. Kumapeto kwa 2021 zigawengazi zinafika ku Mecula, m'chigawo cha Niassa chomwe chachita malire ndi Mangochi. Asilikali a SADC amene anatumizidwa ku Cabo Delgado kukalimbana ndi zigawengazi anachokako mu 2024, a Rwanda anatsala. Ngati mukufuna kutsatira bwino, yesani Zitamar News kapena Daily Maverick, ndipo nyuzipepala ya pepala muziyamba kuiwerengera masamba a mkati.