Kudula malipiro a odwala sikubweza ntchito

Mwafunsa kuti matenda opatsirana akafala ntchito imabwerera bwanji m'mbuyo pakampani, komanso ngati kudula malipiro a ojomba kungathandize. Musadule, chonde.

Ojomba ndi amene amaoneka m'kaundula, koma chitayiko chachikulu chimachokera kwa amene abwera kuntchito akudwala. Munthu thupi likamutentha amachedwa, amalakwitsa mawerengero, pamakina sachedwa kuvulala, ndipo amapatsira anzake. Wa fuluwenza angayambe kupatsira ena kutatsala tsiku limodzi kuti zizindikiro zioneke, ndipo amapatsira kwambiri masiku 3 kapena 4 oyambirira. Akadziwa kuti kugona kunyumba kumudyera ndalama, amabisa matenda n'kubwera masiku omwewo. Mwasunga malipiro a munthu mmodzi, sabata yamawa dipatimenti yonse ili gone.

Musaiwalenso ojomba ali bwinobwino, amene akudwazika mwana kapena kholo, ena ali kumaliro. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linapeza kuti mu 2020, nthawi ya COVID-19, maola ogwira ntchito padziko lonse anatsika ndi 8.8 peresenti, zofanana ndi ntchito 255 miliyoni.

Poyambira ndi apa: lembani ntchito zonse zimene amazidziwa munthu mmodzi yekha, monga kukonza malipiro, kuyendetsa makina ena ake, kapena kusunga makiyi ndi mapasiwedi. Iliyonse aiphunzire munthu wachiwiri, ndondomeko yake ilembedwe papepala. Makampani ambiri amagwa pamenepa, chifukwa wodziwayo akagona ntchito ya anthu khumi imaima. Matenda akavuta, gawani antchito m'magulu awiri osakumana, ngakhale pa chakudya, kuti gulu lina likadwala linzake lipitirize. Mawindo azikhala otsegula. Otsalawo musawaunjikire ovataimu milungu yambiri, amatopa n'kuyamba kujomba nawonso.

TB ndi HIV zimafuna njira ina, popeza ndi za nthawi yaitali. Mankhwala a TB amamwedwa kawirikawiri miyezi 6, koma akamagwira bwino, ambiri amasiya kupatsira ena pakangotha milungu iwiri. Tsiku lobwerera kuntchito anene ndi achipatala. Wa HIV amene akumwa ma ARV mokhulupirika amagwira ntchito ngati wina aliyense. Onsewa apatseni tsiku lokatenga mankhwala osawadula kanthu, chifukwa akadukiza, matenda amatha kuyamba kusamva mankhwala. Malangizo a ILO nambala 200 a 2010 amaletsa kukakamiza wantchito kuyezetsa HIV. Ndipo chinsinsi cha mmodzi chikaululika muofesi, ena onse amaleka kukayezetsa, mpaka mudzawadziwa atadwalika kale.