Yankho kwa malume: zotsatira za madzi a pamsana

Malume, uthenga wanu ndaumva, pepani ndachedwa kuyankha, ndinali ku labu mpaka madzulo ano. Ndiyankhira pagulu pompano kuti enanso amve nawo, poti azakhali nawonso afunsa zomwezi. Mwati makina a GeneXpert sanapeze TB m'madzi a pamsana a msuweni wanga, komabe adokotala amuyambitsa mankhwala a TB, ati shuga wa m'madziwo watsika ndipo mapuloteni akwera. Ndiye mukufunsa kuti kodi sakungolota? Mwana satsokomola, matenda a shuga alibe, TB ikuchokera kuti?

Malume, sakulota ayi. Ndikanakhala ine pamalo pawo ndikanachita chimodzimodzi, ndipo mtima wanga watsika pang'ono kumva kuti sanadikire.

TB sikhala m'mapapo mokha. Tizilombo take timatha kuyenda ndi magazi n'kukabisala pafupi ndi ubongo, kenako n'kuphulikira m'madzi amene amazungulira ubongo ndi msana. Zikatero timinofu tokuta ubongo timatupa. Kubwera kwake ndi kwachizembera. Mutu sabata imodzi kapena ziwiri, thupi kutentha pang'ono, chakudya osachifuna, munthu kungokhala duu ngati si iye. Khosi kuuma ndi kubwebweta zimabwera pambuyo. Matenda oumitsa khosi a mabakiteriya ena aja amagwetsa munthu tsiku limodzi kapena awiri, koma awa amakwawa. Inu munanena kuti mwana wakhala akudandaula mutu kwa masiku oposa 10, ndipo adokotala amawerengera zimenezonso.

Tsono vuto lathu ku labu ndi ili. Tizilomboti timakhala tochepa kwambiri m'madzi amene timalandira. Tambiri timamatirira m'zinthu zolenda zimene zimaundana kunsi kwa ubongo, pamene singano imatenga madzi kumunsi kwa msana, kutali uko. Pa maikulosikopu, mwa odwala 10 amene alidi ndi matendawa, nthawi zambiri timaona tizilombo mwa mmodzi kapena awiri basi. Kutimeretsa ku labu kumatenga masabata awiri, mwinanso 6 kapena kuposa. GeneXpert inatithandiza kwambiri, makamaka mtundu watsopano wa Ultra umene bungwe la WHO linavomereza mu 2017, chifukwa yankho limatuluka tsiku lomwelo. Koma nayonso imaphonya. Pa kafukufuku wina wa ku Uganda, Ultra inkapeza pafupifupi 7 mwa odwala 10. Atatu otsalawo anali ndi TB ya muubongo ndithu, makina ali chete. Ndiye makina akati yapezeka, timakhulupirira. Akati sinapezeke, nkhani sinathe.

Apa ndi pamene shuga ndi mapuloteni zimalowera. Chilombo sitinachione, koma mapazi ake tikuwaona.

Shuga ameneyu sakukhudzana ndi matenda a shuga, malume. Madzi a pamsana a munthu aliyense amakhala ndi shuga, pafupifupi magawo 60 pa 100 a shuga amene ali m'magazi mwake. N'chifukwa chake anamubaya chala nthawi yomwe ankatenga madziwo, kuti ayerekeze ziwirizi. Minofu ija ikatupa, shuga amavutika kuwoloka kuchoka m'magazi, ndipo wochepa amene wawolokayo akudyedwa mwachangu ndi maselo a ubongo komanso asilikali a m'thupi amene adzazana pamenepo. Akatsika kufika pansi pa theka la wa m'magazi, adokotala amatchera khutu. Kudyeka kwa shuga kumeneku kumasiya asidi wotchedwa lactate, ndipo malabu ena amayeza ameneyonso, amapezeka atakwera.

Mapuloteni amachita zosiyana. Mwa munthu wabwinobwino sapitirira mamiligalamu 45 pa desilita, chifukwa pali chotchinga pakati pa magazi ndi ubongo. Chotchingacho chikayamba kudontha ndi kutupa kuja, mapuloteni amalowerera, ndipo pa TB kawirikawiri amadutsa 100, nthawi zina mahandiredi angapo. Ine ndinaonapo ndi maso anga. Kabotolo kanabwera madzi ali mbee, kukaunika pawindo ngati madzi akumwa, munthu n'kumati palibe kanthu apa. Titakasiya kwa maola angapo, mkati munapangika kaulusi kopyapyala kakulendewera ngati ukonde wa kangaude. Ameneyo anali mapuloteni ataundana. Makina sanapeze kanthu tsiku limenelo, koma patapita masabata tizilombo ta TB tinamera. Wodwalayo anali atayamba kale mankhwala, ndipo ndimathokoza mpaka lero kuti adokotala ake sanadikire ife.

Timawerenganso maselo oyera. Madzi abwino sakhala ndi oposa 5 pa kadontho kamene timayeza. Pa TB amakhala makumi kapena mahandiredi ochepa, ambiri mwa iwo a mtundu wa lymphocyte. Pa mabakiteriya ena aja amafika masauzande ndipo madzi amachita kuyera ngati mafinya osungunuka.

Azakhali anafunsa za ADA imene yalembedwa papepala. Imeneyo ndi enzaimu imene asilikali a m'thupi amatulutsa yambiri akamalimbana ndi TB. Malabu ambiri amayamba kukayikira ikadutsa 8 kapena 10. Ndi yothandiza chifukwa imatuluka msanga, koma payokha ine sindiikhulupirira. Imakweranso pa khansa ya lymphoma ndi pa matenda ena oumitsa khosi. Palibe chimodzi mwa zonsezi chimene chimagamula chokha. Adokotala amaziika pamodzi: masiku amene munthu wadwala, maselo, shuga, mapuloteni, ADA, X-ray ya pachifuwa, sikani ya mutu ngati ilipo.

Pali matenda amodzi amene amafanana kwambiri ndi TB pa zotsatirazi, a fangasi yotchedwa cryptococcus, amene amakonda anthu oti chitetezo chatsika. Kayezedwe kake ndi CrAg, mphindi 10 zokha. Mufunse ngati anayeza. Za magazi ake ndi chitetezo, zimenezo si za pagulu pano, ndi za iyeyo ndi adokotala ake.

Mwina mukuti bwanji osadikira kaye umboni weniweni. Malume, matendawa sapereka nthawi imeneyo. Kuyambira 1948 madokotala a ku Britain anawagawa magawo atatu: munthu akadali ndi nzeru zake zonse, atayamba kusokonezeka kapena kufooka ziwalo, ndi atakomoka. Amene wayamba mankhwala ali pa gawo loyamba mwayi wake ndi waukulu. Pa gawo lachitatu ambiri timawataya, ndipo opulumuka ena amatsala ndi zilema, chifukwa zolenda zija zimatseka njira ya madzi m'mutu ndi kufinya mitsempha ya magazi mpaka sitiroko. Msuweni wanga akukuzindikirani, akuyankhula. Nthawi yake ndi ino.

Mankhwala ena amene mwaona, dexamethasone, ndi ochepetsa kutupa. Kafukufuku wa ku Vietnam wa mu 2004, wa odwala 545, anaonetsa kuti amachepetsa imfa. A TB enieniwo ndi a miyezi 9 mpaka 12, osadukiza. Mkodzo ukafiira musadabwe, ndi rifampicin, amodzi mwa mankhwala a TB amenewo. Koma maso akachita chikasu, kapena akamasanza kwambiri, kapena tulo tikachuluka kuposa dzulo, uzani anamwino nthawi yomweyo.

China ndikupempheni. Akanena kuti atengenso madzi a pamsana, muvomere. Ndikudziwa ambiri amaopa singano imeneyi poti anaona wina akumwalira atabayidwa, koma chimene chinamutenga ndi matenda amene anali atafika kale patali. Thupi limapanga madziwa pafupifupi theka la lita tsiku lililonse, ndipo ife timafuna mamililita 6 kapena kuposerapo pang'ono. Akachuluka ndi pamene makina amakhala ndi mwayi wopeza tizilombo, ndiponso timaona ngati shuga wayamba kukwera.

Mawa mukapita, mujambule pepala lonse la zotsatira, manambala aoneke bwino, munditumizire kumbali. Shuga wa m'magazi wa tsiku lomwelo asatsale. Ndikuimbirani ndikangoliona, ndipo mumuuze kuti ndamupatsa moni.