Za CT scan ya bambo anu: chofunika ndi CD ija

Achemwali ndaona funso lanu, loti bambo anamaliza mankhwala a TB koma chifuwa sichikutha, anakawajambula CT ku Blantyre ndiye inu mwatola filimu ija ndi foni nkutumizira adokotala pa WhatsApp, iwo akuti sizikuwathandiza. Sakukuchitani chipongwe ayi, akunena zoona. Ine ntchito yanga ndi yojambula odwala yomweyi, ndiye mundimvetse.

CT ndi makina a X-ray amene pojambula amakhala ngati akudula chifuwa mmene timadulira nzimbe ku Nchalo kuno, kungoti tizidutswa take ndi topyapyala, mwina 1 mm kamodzi, ndiye munthu mmodzi amatuluka ndi zithunzi mahandiredi. Pa filimu amangosankhapo zochepa. Komanso kadontho kalikonse pa CT kali ndi nambala yake, madzi ndi 0, mpweya ndi -1000, fupa lili pamwamba mmahandiredi mpaka kudutsa 1000. Amati ma Hounsfield unit, dzina la mzungu wa ku England yemwe anapanga makinawa, analandira Nobel mu 1979 limodzi ndi Allan Cormack wobadwira ku Johannesburg. Manambalawo ndi amene dokotala amasewera nawo pa kompyuta, amasankha gawo la manambala loti lioneke, amati window, akaika lung window (ya mapapo) mapapo amaoneka bwino koma mtima umangoyera mbee, akasintha kuika window ina mtima ndi mitsempha zimatuluka koma mapapo bii. Foni yanu yangogwira window imodzi basi, manambala onse atayika.

Kwa bambo wanuyo chimene ndingafune kuona ndi njira za mpweya. TB ikatha nthawi zina imasiya timapaipi ta mmapapo titatanuka, makhololo nkumadikha mmenemo, munthu nkumangotsokomolabe chonsecho kachilombo kanafa kale, amati bronchiectasis. Pali njira ina amati MinIP, kompyuta imasanjikiza tizidutswa tingapo nkusunga malo okhawo akuda kwambiri, kutanthauza mpweya, ndiye mumaona kholingo kutsika mpaka nthambi zake ngati mtengo wozondoka, pamene pafinyika kapena pafufuma pamaonekeratu.

Inzake ndi MIP, iyo imasunga zowala zokhazokha. Mitsempha ya magazi imatuluka yonse ngati Shire ndi Ruo pa mapu, ndipo timatotupa ting'onoting'ono timene pa kachidutswa kamodzi ungatisokoneze ndi mtsempha timaonekera patokha. Koma apa funsani kaye, anawabaya pa mkono mankhwala a contrast, owalitsa mitsempha pa chithunzi? Akumbukira okha, thupi limatentha waa mpaka ena amaganiza kuti adzikodzera. Ngati sanabaye, nkhani yoona magazi oundana mu mtsempha iwalani, kompyuta singapange chimene sichinajambulidwe. Ndipo MIP yomweyo imatha kubisa kachibulumwa kakang'ono ka magazi oundana chifukwa imangotola zowala, nchifukwa chake dokotala wodziwa amabwereranso ku tizidutswa toyambirira. Zithunzi za 3D zamitundumitundu zija nzokongola kuonetsa abale, ine sindizidalira kwenikweni.

Ndiye chitani chonchi. Bwererani kumene anajambulako mukapemphe CD kapena mutenge flash yanu, munene kuti mukufuna mafayilo a DICOM (amene amasunga manambala onse aja), ma thin slices (tizidutswa topyapyala tija), pamodzi ndi lipoti lolembedwa. Mukafika nazo musamatsegule nkusankhamo zithunzi, kopani folda yonse mmene ilili, muipange zip nkuiika pa Google Drive, adokotalawo muwapatse link. Ndi yaikulu ndithu, gulirenitu bundle yokwanira. Muwauzenso mwezi umene bambo anamaliza mankhwala ndiponso ngati makhololo amatuluka ndi magazi, ngati akutuluka musadikire za intanetizi, thamangani nawo kuchipatala lero lomwe.

CD yo muisamale, ine yanga ina ndinaisiya pa dashibodi ya minibasi, pofika pa Thabwa dzuwa la kwathu kuno linali litaipinda ngati chiwaya. Ikani mu envelopu, mkati mwa chikwama.