Funsani Tikuyankheni: Kodi regulator yoyamba ndiisankhe motani?

Funso: Ndine mnyamata wa ku Nkhata Bay, ndipo ndangomaliza kumene maphunziro oyamba osambira pansi pa madzi otchedwa Open Water. Pophunzirapo ndinkagwiritsa ntchito zipangizo zobwereka, koma tsopano ndikufuna regulator (chipangizo chopumira mpweya wa m'thanki pansi pa madzi) yangayanga chifukwa ndikulinga zodzagwira ntchito yoperekeza alendo m'madzi. Mlendo wina wa ku Ulaya akufuna kundigulitsa yake motchipa asanabwerere kwawo, pomwe achimwene anga okhala ku Durban akuti angathe kundigulira yatsopano. Kodi ndiyang'ane chiyani kuti ndisataye ndalama pachabe?

Yankho: Musanayang'ane mtengo kapena dzina la kampani, pitani kaye kwa aphunzitsi anu mukawafunse mtundu wa regulator umene iwo kapena amisiri awo amatha kukonza ndiponso kupeza zipangizo zake, chifukwa pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse kwa munthu wokhala kuno kwathu. Mkati mwa regulator muli timphete ta labala, masipuling'i ndi tizigawo tofewa totsekera mpweya, ndipo zonsezi zimatha pang'onopang'ono ngakhale chipangizocho chitangokhala m'chikwama. Makampani ambiri amalamula kuti ikonzedwe chaka chilichonse kapena pakatha zaka ziwiri, ndipo ena amawerengera maulendo 100 olowa m'madzi. Scubapro, Apeks, Aqualung, Mares ndi Cressi onse amapanga zodalirika, koma zipangizo zamkati za kampani imodzi sizilowa m'regulator ya kampani ina, kotero mukagula mtundu wosadziwika kwa amisiri apafupi, mudzayamba kuitumiza ku South Africa nthawi ndi nthawi n'kumadikira milungu muli manja lende.

Kuti muthe kuweruza bwino, dziwani ntchito yake. Thanki yodzaza imakhala ndi mpweya wopanikizika pafupifupi 200 bar (bar ndi muyezo wa kupanikizika kwa mpweya), mphamvu imene munthu sangapume mwachindunji. Gawo loyamba, lotchedwa first stage, limamangidwa pakamwa pa thanki ndipo limatsitsa mphamvuyo kufika pafupifupi 9 kapena 10 bar pamwamba pa mphamvu ya madzi okuzungulirani. Gawo lachiwiri, lomwe mumaluma, limaitsitsanso kuti ifanane ndi ya madziwo, ndipo limatulutsa mpweya pokhapokha mukaukoka. Pa gawo loyamba lija pamalumikizidwanso geji yosonyeza mpweya wotsala, paipi yopopera jekete yothandiza kuyandama yotchedwa BCD, ndi chopumira chachiwiri chotchedwa octopus, chomwe nthawi zambiri chimakhala chachikasu kuti mnzanu amene wathedwa mpweya achione msanga. Achimwene anu afunsitsitse ngati mtengo umene auona m'sitolo ukuphatikiza zonsezi, popeza kawirikawiri octopus ndi geji zimagulitsidwa pazokha.

Ogulitsa adzakuuzani za mitundu iwiri, balanced ndi unbalanced. Ya unbalanced, monga Scubapro MK2 imene masukulu ambiri osambira amabwereketsa, ndi yosavuta kukonza ndiponso yolimba, koma imayamba kulemera pokoka mpweya thanki ikatsala pang'ono kutha. Ya balanced imapereka mpweya mofanana kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Pa mamita 18 amene satifiketi yanu ikukulolani pakadali pano, kusiyanaku n'kochepa, koma popeza mukufuna kupitiriza maphunziro, kutsika mamita 30 mpaka malire a 40, komanso kukhala munthu amene mlendo wamantha angadzathamangire kuti apume pa thanki yanu, ine ndingakulangizeni ya balanced yamtengo wapakati. Onetsetsani kuti ili ndi chizindikiro cha EN 250, muyezo wa ku Ulaya umene umayesa kapumidwe ka regulator pa mamita 50, ndipo ikalembedwa EN 250A ndiye kuti inayesedwanso anthu awiri akupumirapo nthawi imodzi.

Zamadzi ozizira musatayirepo ndalama. Ma regulator opangidwira madzi osakwana 10°C amatetezedwa kuti asaundane, pomwe Nyanja ya Malawi, ngakhale mwera utawomba mu June ndi July, siizizira kufika pamenepo.

Samalani kwambiri ndi kamangidwe ka pa thanki. Kalipo ka yoke, komwe kamavekedwa pamwamba pa vavu (chotsegulira mpweya cha thanki) n'kumangidwa ndi chopotokola kumbuyo, ndipo kamalekeza pa 232 bar, komanso ka DIN, komwe kamapotokoledwa kulowa m'kati mwa vavu ndipo kamatha kufika pa 300 bar. Osambira ambiri a ku Ulaya amagwiritsa ntchito DIN, choncho n'kutheka kuti ya mlendoyo ndi yoteroyo. Kaoneni mavavu a mathanki amene muzidzagwiritsa ntchito. Ena ali ndi kachitsulo kochotseka pakamwa kotero amalandira mitundu yonse iwiri, ndipo ngati anu sali otero, pali adaputala yaing'ono yolumikizira regulator ya DIN pa vavu ya yoke.

Tsopano za regulator ya mlendoyo. Mufunseni chikalata chosonyeza tsiku limene inakonzedwa komaliza. Kenako chotsani kachivindikiro koteteza fumbi muyang'ane kasefa kachitsulo kali polowera mpweya: kakhale kotuwa ndi koyera bwino, ndipo mukaona zobiriwira kapena dzimbiri, dziwani kuti madzi, mwinanso amchere, analowapo kale mkati. Pindani mapaipi pafupi ndi pomwe agwirana ndi chitsulo muone ngati ali ndi ming'alu. Imangeni pa thanki, ndipo musanatsegule vavu yesani kukoka mpweya mofatsa. Mukapeza mpweya, ndiye kuti labala wa m'gawo lachiwiri wang'ambika kapena sakutseka bwino, ndipo pansi pa madzi muzidzameza madzi. Mukatsegula vavu pang'onopang'ono mpaka kumapeto, mvetserani ngati pali kulira kwa mpweya wothawa, kenako pumani mwamphamvu maso ali pa geji, chifukwa muvi wake suyenera kugwedezeka. Mmisiri aikepo geji yake yoyezera mphamvu ya pakati ija ya 9 kapena 10 bar. Muvi ukamakwera wokha pamene simukupuma, gawo loyamba latopa, ndipo tsiku lina lidzayamba kutaya mpweya mosalekeza muli pansi.

Ikapambana zonsezi, lowani nayo m'madzi pamodzi ndi aphunzitsi anu pamalo osaya amene mumawadziwa, ndipo muyese kupuma mutazondoka mutu ngati mukusuzumira mbuna pansi pa mwala, komanso mutagona chagada. Onani ngati ikudontheza madzi m'kamwa ndiponso ngati nsagwada zikutopa, ngakhale kuti cholumacho n'chotchipa kusintha.

Pa mtengo wa mlendoyo wonjezerani ndalama zoikonzetsa yonse musanayambe kuidalira, ndipo kumbukirani kuti chitsimikizo cha kampani nthawi zambiri chimakhala cha mwini wake woyamba yekha. Mukaphatikiza n'kupeza kuti mtengowo wayandikira wa yatsopano, auzeni achimwene anu agule ku Durban mtundu umene aphunzitsi anu atchule, kwa wogulitsa wovomerezeka ndi kampaniyo, ndipo atumize pamodzi ndi lisiti ndi chikalata chake.