Amalume, za ubongo wa mu labu zija ndi izi

Eee amalume mwaswera bwanji, voice yanu ija pa gulupu ndaimva, ndimati ndilembe koma aaa nkhaniyi ndi yaitali zala zitopa, nde ndangoti ndilankhule. Pepani phokosolo ndili pakhonde kuno ku Area 25. Mwafunsa ziwiri eti, kuti iwe PhD unamaliza mpaka tinavina nde chikukusungabe ku sukulu ku UK ndi chani, komanso zoti amayi akuuzani kuti ndimalima ubongo wa munthu mu botolo, kodi nzoona kapena mwana walowa zina zake.

Loyambalo silovuta. Si sukulu amalume, ndi ntchito ya kafukufuku, amati postdoc. Mwezi ukatha ndimalandira, kulibe mayeso, kulibe gauni ina ikubwera nde musayambe kusonkhetsa za phwando. Kungoti ndi ya kontrakiti, zaka ziwiri kapena zitatu, ndalama zake ndi za grant, grant ikatha nawenso basi uyambe kusaka kwina. Umagwira pansi pa pulofesa mwini labu mpaka utulutse mapepala okwanira kuti nawe akukhulupirire ukhale ndi labu yako.

Chachiwirichi nde ndifotokoze mofatsa, paja mukudziwa mmene nkhani za magazi zimathamangira kwathu kuno, 2017 ija za anamapopa ku Mulanje ndi ku Phalombe anthu anaphedwa chifukwa cha mphekesera chabe. Sitidula mutu wa munthu, sitifukula manda, ndipo ine sindikhudza mimba ya munthu aliyense. Zimayambira pa timagazi pang'ono kapena kakhungu kakang'ono, mwiniwake atasaina yekha kuti tengani. Kuli m'Japan wina Shinya Yamanaka, ameneyo mu 2006 anaonetsa pa mbewa, za mu labu zoyera zija osati zapamsewu wa ku Dedza, kuti selo ya pakhungu, maselo nde tizidutswa tamoyo tosaoneka ndi maso timene timapanga thupi, yoti inakhwima kale, ukailowetsa ma gene anayi okha, ma gene nde malangizo a m'kati mwa selo amene timatengera kwa makolo, imabwerera m'mbuyo nkukhala yoti itha kusanduka chilichonse m'thupi, mtima, chiwindi, ubongo. 2007 anachitanso ndi maselo a munthu, 2012 anamupatsa Nobel limodzi ndi John Gurdon wa ku Britain. Amenewo nde ma stem cell ndimasunga ine, timati ma iPS.

Tsono kuti akhale a ubongo umangosintha mankhwala a m'madzi amene akukhalamo, sabata ino awa, sabata yamawa ena. Anatsegula njirayi ndi mzimayi wina Madeline Lancaster ku Vienna mu 2013, ndipo nthawi imeneyo nayenso anali postdoc ngati ineyo mu labu ya Jürgen Knoblich, nde musatidelere. Iye anaona kuti ukawasiya maselowo aunjikane kampira, nkukakutira ndi jeli kenako kumakagwedeza pang'onopang'ono m'madzimo, amayamba kudzisanja okha popanda wowauza. Pakatha miyezi iwiri kamakhala kakukula ngati njere ya nandolo, koyererako, basi ndi kameneko amayi akukatchula ubongoko. Sikaganiza amalume, kalibe maso kalibe makutu, kalibenso mitsempha ya magazi nde kakakula kwambiri pakati pake pamafa chifukwa chakudya ndi mpweya sizifikapo. Ubongo wanuwo uli ndi ma neuron, maselo otumiza mauthenga, pafupifupi 86 biliyoni, aka sikafikako nkomwe.

Ntchito yake kunena zoona yambiri ndi kudyetsa. Mmawa ndavala magolovesi, ndapopera sipiriti manja ndi tebulo lonse, nditsegule incubator, kabati yofunda yosungiramo maselo, mkatimo muli madigiri 37 ngati thupi la munthu ndi carbon dioxide 5 peresenti. Madzi odyetsera aja amakhala ofiirira ngati pinki, maselo akadya amasanduka achikasu, nde umayamwa akalewo ndi kapaipi nkuthira atsopano. Ma iPS safuna kudumphitsa, Lamulungu, Khisimisi, iwo sadziwa zimenezo, panopa pomwe ndili pa holide pano pali mnzanga akundidyetsera ndipo ndikabwerera ndikam'bwezera. Tizilombo tikangolowamo madzi aja amachita mbuu, ntchito ya miyezi itatu kukataya. Koma tsiku loti wakadula kampira kaja tizidutswa topyapyala, wapaka utoto, waika pa maikulosikopu m'chipinda cha mdima, eee pamenepo nde umaiwala kutopa. Umaona maselo atazungulira kabowo bwinobwino, amkatiwo obiriwira akugawikana, ofiira amene asanduka kale ma neuron akukwawira kunja kukapeza malo awo, ndendende mmene zimachitikira mwana ali m'mimba.

Nanga zonsezi nzachani. Ubongo umayamba sabata yachitatu ya mimba, kachubu kamene kamadzakhala ubongo ndi msana kamatsekeka cha pa tsiku la 28, nthawi yoti mayi ambiri sanadziwe nkomwe kuti ali oyembekezera. Pamenepo ndi miyezi yotsatirayo ndi pomwe zambiri zimalakwika, koma palibe dokotala angatsegule mimba kuti aone selo ndi selo, sizingatheke ndipo nzosaloledwa. Mbewa zimathandiza koma ubongo wake ndi wosalala, wathu ndi wamakwinya ndipo umatenga nthawi yaitali kukula, nde zina mbewa sizionetsa. Mukukumbuka Zika ija ku Brazil 2015, ana ambirimbiri kubadwa ndi timitu tating'ono? Mu 2016 anthu anathira kachilomboko pa timipira ngati tangati, nkuona kuti kakulowa m'maselo ogawikana aja nkumawapha, timipirato nkupinimbira. Zinathandiza kwambiri kutsimikiza kuti vuto ndi kachilomboko.

Ine changa ndi chapafupi ndi chimenecho, ana obadwa ndi mutu waung'ono koma chifukwa cha gene yolakwika osati kachilombo. Ndimatenga maselo ochokera kwa wodwala, theka ndimakonza gene ija ndi CRISPR, njira yodulira ndi kusinthira ma gene, theka ndimasiya momwemo, ndilime mbali ziwirizo tsiku limodzi chakudya chimodzi, kenako ndiziwerenga kuti zayamba kusiyana liti. Mafunso ake ndi oti kodi maselo aja akusiya kugawikana msanga, kapena akufa, kapena akusochera panjira. Kuwerenga kokhakokha amalume, miyezi.

Chimene chimandiwawa ine nchoti maselo ambiri ali m'mafiriji a malabuwa anachokera kwa azungu, pamene anthu a mu Africa ndi amene ma gene athu ndi osiyanasiyana kuposa kwina kulikonse. Nde zimene tikupezazo zikukamba za ndani? Anthu ofufuza kwathu kuno alipo, ku KUHeS yunivesite ya zaumoyo ija, ku Malawi Liverpool Wellcome ku Blantyre, ndipo ndi ku Queens komwe anagwiritsa ntchito MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi, nkupeza kuti ana amene amamwalira ndi malungo a mu ubongo, ubongowo umakhala utatupa kwambiri, zinatuluka 2015. Ndimalakalaka nditabwera nazo kuno, koma ntchito yangayi imafuna magetsi osazima olo maola ochepa, masilinda a gasi, liquid nitrogen ya madigiri 196 kunsi kwa ziro yosungiramo maselo, ndiye madzi odyetsera aja oitanitsa kunja ali ozizira, ndi forex yathuyi. Nzotheka koma si za chaka chamawa.

Ndiye poti azakhali anaponyaponso funso la timasacheti ta stem cell tikugulitsidwa pa ma status a WhatsApp tija, akuti timachiza shuga, BP, sitiroko, chonde musataye ndalama. Selo yamoyo ine ndimavutika nayo tsiku ndi tsiku kuti isafe, nde ingakhale bwanji mu ufa wa mu sacheti wokhala padzuwa mu kachikwama? Olo itakhalamo m'mimba ingagayidwe ngati chakudya china chilichonse. Chithandizo cha stem cell chodziwika bwino ndi cha mafuta a m'mafupa chija amachita kuchipatala chachikulu kwa odwala khansa ya m'magazi kapena sickle cell. Agogo asasiye mapilitsi awo a BP chifukwa cha zimenezo.

Koma chogwirika chomwe ndinganene kwa atsikana ndi azilamu pa gulupu pano ndi folic acid, vitamini wa mapilitsi amene amapereka kwa amayi oyembekezera. Kachubu ndimanena kaja kakapanda kutsekeka bwino mwana amabadwa ndi chotupa pamsana, ambiri mutu umadzadzanso madzi, ndipo folic acid amachepetsa kwambiri zimenezo koma akuyenera kuyambidwa mimba isanabwere, osati kudikira kukayamba sikelo pa miyezi inayi. Loweruka ndikubwera ku Likuni ndi laputopu ndidzakuonetseni zithunzi zobiriwira zija, muwauzenso abusa aja amadandaula abwere adzaone okha.